Kodi armadillo imapatsiradi anthu khate?

Funso: Achimwene anga ali ku Texas akuti kumeneko kuli kanyama kachigoba kotchedwa armadillo kopatsira anthu khate, zoona zimenezi? Nanga ngaka zathuzi?

Yankho: Eya, n'zotheka ndithu. Tizilombo ta khate timakonda pozizirirako, ndiye poti thupi la armadillo silitentha ngati lathu timaswana bwino mmenemo, moti kafukufuku wa 2011 anapeza mtundu womwewo wa tizilomboti mu nyamazi komanso mwa odwala ena kummwera kwa dziko la United States. Achimwenewo muwauze asamaigwire, kuisenda kapena kudya chonde. Koma asade nkhawa kwambiri, anthu pafupifupi 95 mwa 100 matupi awo amadziteteza okha. Ngaka ndi nyama ina, armadillo ku Africa kulibe. Achimwenewo akaona chigamba pakhungu chosamva akachitsina athamangire kuchipatala, khate limachizika ndi mankhwala a miyezi 6 mpaka 12.