Za agogo anu aja ankanyamula mota ku Burma

Achimwene, funso lanu ndaliwona, mwati agogo anu anali ku Keyala, gulu lija la asilikali la King's African Rifles, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakafika ku Burma, ndipo ankakonda kunena kuti anali mu batire ya mota koma ntchito yawo inali kungonyamula mabomba basi, ndiye mukufuna kudziwa kuti batire imeneyi chinali chani komanso ngati iwowo anamenyadi nkhondo. Ine ndiyambe ndi kuyankha chomalizachi, eee anamenya, musakayike mpang'ono pomwe, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

Mota imeneyi si ya galimoto ayi, pachizungu amati mortar, ndi kamzinga kakafupi koponya bomba m'mwamba kuti likagwere mdani kuchokera kumutu. Dzinalo ndi lomwe lija amatchulira mtondo wosinjira, chifukwa mizinga yoyamba ya mtunduwu inali yaifupi yakukamwa kwakukulu ngati mtondo weniweni. Imene asilikali a Britain ndi a Keyala ankadalira kwambiri inali ya 3-inch, ndipo kunena zoona inali chinthu chosavuta kumvetsa, paipi yachitsulo, chimbale cholemera chokhazika pansi, ndi miyendo iwiri yoimikira yokhala ndi zopukusira komanso kachipangizo kolozera. Chilichonse mwa zitatuzi chinali katundu wa munthu mmodzi, ma kilo pafupifupi 20 kapena kutsikirapo pang'ono. Bomba limodzi linali ma kilo 4 ndi theka. Poyamba inkaponya mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, kenako ataikonza inkafika ma kilomita 2 ndi theka. Panalinso kakang'ono ka 2-inch kamene pulatuni iliyonse, kagulu kakang'ono ka asilikali oyenda pansi, inkayenda nako, kofika mamita 450 basi, ndi chachikulu cha 4.2-inch chimene bomba lake linali ma kilo 9.

Tsono pa kagawidwe apa mpamene anthu amasokoneza. Bataliyoni ya asilikali oyenda pansi inali ndi pulatuni yakeyake ya mota, nthawi zambiri mizinga 6 ya 3-inch. Koma mawu oti batire ndi a anthu a mizinga ikuluikulu, a artillery. Ku Burma nkhalango inali yothinana, misewu kulibe, mizinga yokoka ndi malole imatitimira, ndiye ma rejimenti ena anawasintha kuti batire imodzi isiye mizinga ikuluikulu itenge ma mota a 3-inch okwana 16. Batire inkatsogoleredwa ndi meja, nkugawidwa m'timagulu amati ma troop, ndipo mzinga uliwonse umakhala ndi sajeni kapena kopolo wake, wina woloza, wina woponya bomba mu paipi, wina wokonza mabomba nkumapatsira, kumbuyo kwawoko ndiye kuli onyamula, a matelefoni, oyang'anira nyulu kapena ma jeep.

Kawombedwe kake taonani. Kumchira kwa bomba kuli zipsepse ndi kakatiriji, ndiye amamangirirako timapaketi ta wonga, mukafuna lipite patali mumawonjezera, pafupi mumachotsako. Munthu amaligwira ndi manja awiri, kulilowetsa kukamwa kwa paipi mchira uli pansi, nkulisiya, iye nkuwerama msanga manja atachotsa. Limatsetsereka lokha mpaka kukagunda kamsomali kali pansipo, phuu lapita. Palibe chokoka. Mabomba oyamba amakhala okhazikitsira chimbale chija m'dothi, chifukwa chikamasuntha ndiye kuti kuloza konse kwawonongeka. Ndipo zoopsa zinalipo ziwiri zimene aliyense ankaziopa, bomba kukanirira mkati osaphulika, apo amayenera kuchotsa paipi pachimbale nkuipendeketsa pang'onopang'ono mnzawo atatchera manja kukamwa kuti aliwakhe likamatuluka, tangoganizani mtima wa munthu ameneyo. China ndi kuponya lachiwiri loyamba lisanatuluke chifukwa cha phokoso ndi phuma, zimenezo zimatha gulu lonse la pamzingapo.

Chimene ambiri sadziwa nchoti owombawo mdani samamuona. Amakhala kuseli kwa phiri kapena m'chigwa, pamalo poyera pamene kumwamba kulibe nthambi, chifukwa bomba likagunda nthambi pokwera limaphulikira eni ake omwe. Maso awo anali ofesala amene amakwawa kutsogolo limodzi ndi asilikali oyenda pansi, ali ndi mapu, kampasi, ma binoculars ndi wa wayalesi kapena wa telefoni amene amayenda akumasula waya m'tchire. Akaona pamene bomba loyamba lagwera amauza kuti onjezerani, chepetsani, pitani kumanzere, mpaka ligwe pamalo, kenako mizinga yonse imalakatika pamodzi. Waya ukaduka munthu amayenera kuutsata ndi dzanja mpaka apeze podukapo, kaya ndi usiku kaya kukuwombedwa.

Tsopano tibwere kwa agogo anu. Mota imadya mabomba mwachangu zedi, 10 pa mphindi imodzi si nkhani, ndiye werengani nokha, mabomba 10 ndi ma kilo 45, mzinga umodzi, mphindi imodzi. Mizinga 16 ikawomba choncho kwa mphindi 5 zokha ndi matani 3 ndi theka kuposerapo. Zonsezo zimafika bwanji pamwamba pa phiri lopanda msewu? Ndege za Dakota zimaponya katundu ndi ma parachute, nyulu zimasenza mpaka pamene zingathe, kotsalako ndi mutu ndi msana wa munthu. A 11th East African Division, mmene munalinso asilikali ochokera ku Nyasaland, anatsika chigwa cha Kabaw mu 1944 nthawi ya mvula ya monsoon, matope ofika m'mawondo, malungo ali ponseponse, mpaka anakafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa December chaka chomwecho. Mu mvula imeneyo wonga ukanyowa bomba limagwera pafupi, mwina pa anzako omwe, ndiye wonyamula amayenera kuteteza katunduyo kuposa thupi lake, iye anyowe koma mabomba akhale owuma. Ine zimandikhudza kwambiri ndikamva munthu wotere akudzichepetsa kuti ndinkangonyamula.

Komanso ndisakunamizeni kuti mota inali yankho la chilichonse. A Japan ankakumba maenje nkufolera ndi zipika zikuluzikulu ndi dothi, bomba la 3-inch limangophulikira pamwamba iwo ali phee mkati. Chimene imathandiza kwambiri ndi kuwakakamiza kubisa mitu pamene anzathu akuyandikira, kuponya mabomba a utsi kuti asaone, ndi kuwabalalitsa akamabwera usiku. Iwonso anali ndi kawo kakang'ono ka 50mm, Type 89, kamene kanavutitsa anthu kwambiri m'nkhalangomo.

Ngati kunyumba kudakali mendulo zawo, yang'anani ngati pali ya Burma Star, ndipo ngati kabuku kawo kausilikali kapena pepala lotulukira usilikali lilipo onani nambala ndi dzina la gulu lawo, pamenepo mudziwa ngati anali mu pulatuni ya mota ya bataliyoni ya Keyala kapena mu batire yeniyeni ya East African Artillery. Mukazipeza jambulani dzina la gululo muike pano tithandizane kutsata kumene anadutsa.