Kachilombo ka m'masau ndi ka m'lalanje, kodi nzapachibale?

Mayi wina wa ku Ulongwe wandilembera pa imelo kuti anagula masau ku Changara, atafika kunyumba anapeza ena ali ndi tizilombo, ndiye akufunsa ngati timeneti ndi tomwe tija timaboola malalanje.

Mayi, choyamba ng'ambani sau limodzi muyang'anitsitse. Kachilomboko kakakhala koyera, kopanda miyendo, mutu osaoneka, imeneyo ndi mphutsi ya ntchentche za zipatso, nkhani yathera pompo. Koma kakakhala ndi kamutu kabulauni ndi timiyendo, kuzungulira nthangala kuli tinyenyeswa ngati utuchi (ndi chimbudzi chake chimenecho, pepani ngati mukudya), ndiye kuti ndi mbozi, mwana wa njenjete.

Apa mpamene pali nkhani. Pali banja la njenjete lotchedwa Carposinidae, mitundu yake imaposa 250, ndipo mbozi zake zambiri ntchito yake nkuboola zipatso basi. Mwa mbozi za banja limeneli, ku India masau omwewa amaonongedwa ndi Meridarchis scyrodes, ku Japan, Korea ndi China kuli Carposina sasakii yomwe imalowa m'mapichesi ndi m'maapozi. Pomwe ka m'malalanje kofala kuno ku Africa ndi Thaumatotibia leucotreta, ka banja lina la Tortricidae. Kudya mofanana eee, koma si ana a bere limodzi ayi, zili ngati wa Banda ndi wa Phiri onse akugulitsa tomato pa msika wa Kwachena.

Abale enieni a Carposinidae ndi Copromorphidae, kabanja kochepa kopezeka makamaka m'maiko otentha, moti akatswiri amawaika m'gulu limodzi lomwe kale linkatchedwa Copromorphoidea, pano ambiri akulemba Carposinoidea. Akamafufuza chibale saona chomwe kachilombo kakudya, amaona misempha ya m'mapiko, timamba totukuka ngati tiziphuphu pa mapiko akutsogolo, kapangidwe ka ziwalo zoberekera, masiku ano ndi DNA yomwe (uthenga wa chibadwa umene chamoyo chimatengera kwa makolo ake). Ndipo kuli ena akuti mwina Carposinidae ndi nthambi chabe yomwe inaphuka mkati mwa Copromorphidae, ine maganizo amenewa amandisangalatsa chifukwa ndiye kuti kanyumba kakang'onoko ndi komwe kanabala mudzi waukuluwo.

Mukafuna kudziwa kanuko, ikani masau angapo m'botolo, pansi pakhale mchenga wachinyezi, pakamwa mumange kansalu, mudikire masabata angapo. Chotulukacho muchijambule pa foni munditumizire.