Kwa achimwene opita ndi alamu ku Cape Town kukaona zaluso

Achimwene, mwati inu ndi alamu muli ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha ku Cape Town, ndipo mukufuna malo a zojambula ndi zosema. Chofunika kwambiri ndi kudziwa koyambira, chifukwa magalare ambiri ogulitsa zithunzi amatseka Loweruka masana, ndipo Lamulungu satsegula n'komwe.

Ndiye Loweruka mulawirire ku Woodstock, cha kumsewu wa Sir Lowry. Kulowa m'magalarewo ndi kwaulere, palibenso amene angakuumirizeni kugula, choncho musachite manyazi ndi mitengo yake. Makoma a m'tinjira ta kumeneko ndi ojambulidwa mochititsa kaso, koma foni ikhale m'thumba mukamayenda. Nkhomaliro mukadyere ku Old Biscuit Mill pamsewu wa Albert, komwe kumakhala msika wa zakudya Loweruka. Zakudya zake n'zokwererako mtengo.

Masana mupite ku Iziko South African National Gallery, mkati mwa Company's Garden. Mukafunse ngati The Butcher Boys ya Jane Alexander ili poonekera. Anaiumba mu 1985 ndi 1986, tsankho litafika povuta: zinthu zitatu zamsinkhu wa munthu zitakhala pabenchi, zanyanga, zopanda pakamwa ndi makutu. Kwa ine chimenechi chokha n'chokwanira ulendo wonse, ngakhale alamu mwina sakafuna kuima nacho pafupi nthawi yaitali.

Lamulungu mulipereke kwa Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera zaluso ku V&A Waterfront. Nyumbayo inali nkhokwe ya chimanga ndi mbewu zina padoko kuyambira m'ma 1920, yokhala ndi migolo 42 ya konkire yoimikidwa pamodzi. Katswiri wa mapulani wa ku Britain, Thomas Heatherwick, anaboola migolo ya pakati, nasiya mphanga yaikulu yooneka ngati njere ya chimanga, ndipo malowa anatsegulidwa mu 2017. Musathamangire kuzipinda. Yambani mwaima pansi n'kuyang'ana kumwamba, kenako mukwere chikepe chagalasi mpaka pamwamba, muziona zinthu uku mukutsika. Zoonetsa zimasinthasintha, ndipo zonse ndi za aluso a masiku ano a mu Africa ndi ena ochokera kuno amene ali kunja. Zina zikakuzunguzani mutu, makamaka zamakanema, musadzivute kuwerenga chikwangwani chilichonse. Zipinda zilipo zambiri, miyendo imayamba kutopa maso asanakhute.

Anthu akuuzani za Norval Foundation ku Tokai, komwe kuli munda wa ziboliboli. Ndi kokongola ndithu, koma n'kutali ndi pakati pa tauni. Ngati mulibe galimoto, kusiyeni, mudzapite ulendo wina. Kuphatikiza malo awiriwa tsiku limodzi n'kuyambitsa mkangano m'banja.

Musananyamuke muone nthawi yotsegulira ndi mitengo ya matikiti pa intaneti, chifukwa zimasintha. Alamu avale nsapato zafulati, atengenso juzi, mphepo ya ku Waterfront siona nyengo.