Batire lolembedwa 2800 mAh lija lakunamizani, achimwene

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnzathu wina wojambula maukwati ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndakhala ndi Canon 6D zaka zingapo, ndipo batire limodzi linkandikwanira tsiku lonse. Chaka chino ndagula Canon R6 yogwirapo kale ntchito, yomwe inabwera ndi batire limodzi. Ndinaonjezera awiri otchipa, olembedwa dzina la Canon ndi 2800 mAh. Loweruka lapitali limodzi linkaonetsa kuti moto ulipo wambiri ndithu, kenako kamera inangozima pakati pa perekaniperekani. Kodi ndizigula orijino okhaokha ngakhale ndi odula chonchi? Nanga a makampani ena n'ngodalirika?"

Achimwene, zikomo polemba. Tisanafike pa mabatirewo, dziwani kaye kuti kamera mwagulayi imadya moto kuposa yakale ija, ndipo ngakhale mutaikamo orijino, tsiku lonse silingathe ndi batire limodzi. Mu 6D muli galasi. Mukasuzumira pa kadiso kaja mumaona kuwala kwenikweni kodutsa mu lenzi, ndipo sensa, mbali ya kamera imene imalandira kuwala n'kupanga chithunzi, imakhala chigonere mpaka mutadina batani. R6 ilibe galasi. Kadiso kake ndi kasikirini kakang'ono, ndipo kuti kaonetse chithunzi, sensa imayenera kugwira ntchito nthawi yonse imene kamera yayaka, kaya mukujambula kaya mukungodikira kuti mkwatibwi atsike m'galimoto. Bungwe la ku Japan la CIPA lili ndi muyeso womwe makampani amawerengera zithunzi za batire limodzi. Pa muyeso umenewo 6D imafika 1,090, pamene R6 imafika 380 mukamagwiritsa ntchito kadiso. Anzathu a Nikon anakumana nazonso: D750 inkapatsidwa 1,230, Z6 n'kupatsidwa 310. Muyesowu ndi wokhwimitsa, ndipo pa ukwati pomwe mumadina motsatizana mumaupitirira kutali. Komabe pa kamera yopanda galasi muziwerenga maola amene yakhala yoyaka, osati zithunzi.

Tsopano nambala ija ya 2800 mAh, yomwe imanena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. Mkati mwa batire la mtundu wa LP-E6, lomwe limalowa mu 6D ndi R6, muli timabatire tiwiri ta lithium-ion, kalikonse ka 3.6 V, tolumikizidwa motsatizana kuti tipereke 7.2 V. Kabokosi kake sikanasinthe kukula chiyambire. Canon inatulutsa LP-E6 mu 2008 limodzi ndi 5D Mark II, lili ndi 1800 mAh. Mu 2014 kunabwera LP-E6N la 1865. Mu 2020, pamodzi ndi R5 ndi R6, kunabwera LP-E6NH la 2130, ndipo LP-E6P la mu 2024 likadali pa 2130 pomwepo, kungoti limatha kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi. Nikon nayo inachoka pa 1900 mAh ya EN-EL15 mu 2010 n'kufika pa 2280 ya EN-EL15c mu 2020. Makampani akuluakulu okhala ndi akatswiri awo atenga zaka zonsezi kuti aonjezere pang'ono chonchi. Ndiye fakitale yosalemba ngakhale adiresi yake ingathire bwanji 2800 m'kabokosi komweko, n'kugulitsanso motchipa? Kuli ngati munthu akugulitseni ndowa ya malita 20 n'kumalumbira kuti muli malita 30. Ine nambala ikapitirira 2400 pa batire la kukula kumeneku, ndimalibweza pa shelefu osafunsanso mtengo.

Pamsika pali magulu atatu, ndipo anthu ambiri amasokoneza awiri omalizawo. Pali orijino. Pali a makampani ena omwe amalemba dzina lawo poyera, monga Wasabi Power, SmallRig, Patona, Jupio ndi Hähnel. Ndiye pali feki, omwe avala dzina la Canon, Nikon kapena Sony mwakuba. Anu aja ali m'gulu lachitatuli, chifukwa Canon sinapangepo LP-E6 la 2800 mAh. Ameneŵa ndi omwe ndimaopa. Kampani yolemba dzina lake ili ndi mbiri yoti iteteze, ndipo batire likavuta pali koti mukadandaule. Wopanga feki wayamba kale ndi bodza pa chikuto, ndiye palibe chomuletsa kunamanso mkati: timabatire tating'ono kapena totsalira, ndi kachipangizo koteteza ku kutentha kosakwanira kapena kosakhalamo n'komwe.

Sindikunena kuti orijino salakwika. Mu 2012 Nikon inaitanitsa ena mwa mabatire a EN-EL15 chifukwa ankatha kutentha mopitirira. Kusiyana kwake n'koti inalengeza poyera, n'kufotokoza mmene munthu angawadziwire pa nambala yake, n'kuwasintha. Wa feki sadzakuitanani.

Funso lenileni m'kalata yanu ndi loti n'chifukwa chiyani linazima likuonetsa kuti moto ulipo. M'batire muli kachipangizo kamene kamauza kamera kuti kwatsala moto wochuluka bwanji. Mu orijino kachipangizoka kanakonzedwa molingana ndi timabatire tomwe tili mkatimo. Mu otchipa nthawi zambiri kamangongoganizira. Ndiye mukamadina motsatizana, kadiso kali koyaka, lenzi ikufunafuna nkhope za anthu ovina, kamera imakoka moto wambiri nthawi imodzi. Timabatire tofooka timagwa mphamvu mwadzidzidzi, ndipo kamera imadzizimitsa ngakhale chizindikiro chikuonetsa theka. Kuzima kokhako n'kwapafupi. Choopsa n'choti ikazima ikulemba pa memori khadi, fayilo ya vidiyo yomwe inali isanatsekedwe ingawonongeke yonse, ndipo malumbiro a m'tchalitchi sabwerezedwa chifukwa choti wojambula anali ndi batire lofooka.

R6 yanu imakuuzaninso m'njira ina. Mukasankha kujambula mothamanga kwambiri, kachizindikiro ka H+ kamakhala kobiriwira pokhapokha ngati kamera ingathe kufika zithunzi 12 pa sekondi. Batire likafooka kapena moto ukatsika, kamasintha mtundu ndipo liwiro limachepa. Pa mabatire ambiri otchipa kamasintha msanga. Nthawi zina kamera imafunsa pa sikirini ngati batirelo lili ndi chizindikiro cha Canon, kutanthauza kuti yalephera kulankhula nalo. Dziwaninso kuti makamera atsopano akukhwimitsa. Nikon Z8 imakana mabatire ena a makampani ena, ndipo Canon R5 Mark II imatseka ntchito zina mukapanda kuikamo LP-E6P. Choncho musanagule la kampani ina, onani ngati alemba dzina la kamera yanu yeniyeniyo, osangoti "Canon".

Maganizo anga ndi awa. Pa ukwati woyamba m'mawa kutchalitchi, n'kupita kojambulitsa kumaluwa, n'kumalizira kuholo madzulo, R6 imafuna mabatire anayi ngati mukujambulako ndi vidiyo. Awiri akhale orijino a LP-E6NH, awiri enawo a kampani yodziwika. Ndikudziwa kuti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndiye sindingakuuzeni kuti mugule anayi orijino lero. Yambani ndi limodzi loonjezera pa lomwe muli nalo. Chofunika ndi kagawidwe kake: orijino lodzaza lilowe pa nthawi zomwe sizibwerera, polowa mkwatibwi, pa malumbiro, pa mphete, podula keke. A makampani ena agwire pokonzekera kunyumba, pa zithunzi za magulu, ndi pa perekaniperekani yemwe amatha maola ndipo wovina akadutsa amabweranso. Musamadikire kuti batire lithe. Pakapezeka mpata, monga abusa akayamba ulaliki, sinthani ngakhale kwatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Batire lililonse latsopano muziliyesa kunyumba musanapite nalo kuntchito. Lidzazeni, muike m'kamera, mutseke zonse zozimitsa kamera yokha, musiye sikirini yoyaka, n'kuona nthawi mpaka itazima. Chitani chimodzimodzi ndi orijino, tsiku lomwelo, m'chipinda chomwecho. Musayesere pa vidiyo, chifukwa R6 imadula yokha ikamakwana mphindi 30 ndipo mu 4K imatentha, ndiye muyeso wanu usokonekera. La kampani ina likafika magawo atatu mwa anayi a nthawi ya orijino, n'labwino. Likalephera kufika theka, si la ntchito ya ndalama. Ngati muli ndi sikelo yaing'ono ya kukhitchini, liyezeni: LP-E6NH limalemera pafupifupi magalamu 80, ndipo lopepuka kwambiri kuposa pamenepa lili ndi kanthu kosowa mkati. Kenako lembani nambala ndi mwezi womwe mwagula ndi maka pa kapepala komata.

Lomwe linabwera ndi kamera lija nalonso musalikhulupirire chifukwa cha dzina lokha. Pitani pa menyu pomwe palembedwa Battery info. Canon imaonetsa timabokosi: titatu tobiriwira ndiye kuti batire lili bwino, tiwiri layamba kukalamba, kamodzi kofiira ndiye kuti nthawi yogula lina yakwana. Nikon imaonetsa zomwezo ndi manambala, 0 kwa latsopano mpaka 4 kwa lotha. Batire la lithium-ion limayamba kuoneka kufooka likatchajidwa maulendo pakati pa 300 ndi 500, komanso limakalamba ngakhale lili m'kabati.

Chimene chimapha mabatire msanga kuno kwathu ndi kutentha. Chikwama cha kamera chosiyidwa m'galimoto yotseka magalasi mu October, makamaka kumadera ngati Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, chimakalambitsa batire m'masana amodzi kuposa ntchito ya masabata. Batire lotentha lomwe langotuluka m'kamera musaliike pa tchaja nthawi yomweyo, lizizire kaye. Kuzizira kwa June ku Dedza kapena ku Nyika kumachepetsa mphamvu kwa kanthawi chabe, ndipo mukaliika m'thumba la mkati mwa jekete limabwerera. Nyengo ya maukwati ikadutsa, musasunge mabatire odzaza kapena otheratu. Asiyeni pa theka, ndipo muziwayang'ana pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Lililonse lomwe layamba kuvuta kulowa kapena kutuluka m'kamera latupa. Matani tepi pa timano take tachitsulo ndipo mulichotse m'chikwama. Musaliponye kudzala komwe amatentha zinyalala, chifukwa pamoto limaphulika.

Nkhani ya kuzimazima kwa magetsi ndiye mukuidziwa kale. Tchaja ya Canon imatenga maola awiri ndi theka mpaka atatu pa batire limodzi, ndiye anayi ndi ntchito ya usiku wonse. Yambani kutchaja Lachinayi, osati Lachisanu usiku. Tchaja ya USB yolowa mabatire awiri imathandiza chifukwa imagwira pa pawabanki ndi m'galimoto, ngakhale zambiri n'zochedwa ndipo zina sizidzazitsa bwino. R6 imathanso kutchaja batire lili mkati ikakhala yozima, koma imafuna pawabanki kapena tchaja yolembedwa PD ndi chingwe cha USB-C mbali zonse. Tchaja wamba ya foni yopanda PD singathe, ndipo LP-E6 lakale la mu 6D lija limagwira mu R6 koma silitchajika mkatimo. Magetsi akazima, zulani tchaja kukhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera mwaukali. Pali kanthu kena kakang'ono komwe ambiri sakadziwa: kachivundikiro ka batire la Canon kali ndi kabowo. Mukakaveka moti kabowoko kaonetse mtundu wa buluu, ndiye chizindikiro chanu choti ladzaza. Mukakatembenuza, latha. M'holo ya mdima, nyimbo zili pamwamba, simungasokonezenso.

Kuti moto uzikhalitsa, tsekani Wi-Fi ndi Bluetooth, ikani kadiso pa Power saving m'malo mwa Smooth, ndipo letsani kamera kuonetsa chithunzi chilichonse mukangojambula.

Za fulashi simunafunse, koma ndinenepo mwachidule. Ngati yanu imalowa mabatire a AA, siyani aja ogula pa golosale, omwe amachedwetsa fulashi ndipo akakhalitsa amatulutsa madzi owononga timano ta mkati. Gulani otchaja a NiMH monga Eneloop a Panasonic, muwasunge anayianayi osasakaniza atsopano ndi akale.

Pogula orijino, njira yomwe ambiri timadalira ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena ku UK. Muuzeni akagule m'sitolo yeniyeni ya makamera, osati kwa ogulitsa pa Facebook kapena m'mbali mwa msewu, ndipo abweretse lisiti ndi bokosi lake, lomwe pa Canon limakhala ndi kachizindikiro konyezimira kosintha maonekedwe mukalipendeketsa. Ngati akubwera pa ndege, mabatire apadera a lithium saloledwa m'sutikesi yopita pansi. Ayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, lililonse litavala kachivundikiro kake kapena lili m'kathumba kakekake. Malire omwe safuna chilolezo chapadera ndi 100 Wh pa batire limodzi, ndipo LP-E6NH ndi la 16 Wh basi, choncho awiri kapena atatu sangamuvutitse pa eyapoti.