Yankho kwa alamu pa nkhani ya Pochettino ndi Chelsea (July 2023)

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko. Funso lanu lija ndaliona pagulupu, koma nkhani yake ndi yaitali yoti sindingathe kuilemba ndi zala, ndiye ndangoti ndiyankhule. Amayi ndi achemwali amene mpira sumukukhudzani mundikhululukire, mutha kungodumpha.

Mwafunsa kuti kodi Pochettino, kochi amene wangolembedwa ntchito mu 2023 muno, akhalitsa ku Chelsea kapena nayenso amupitikitsa Khirisimasi isanakwane. Ndaonanso mwana wa achemwali uja wayankhapo kuti ndi ndalama za Boehly, mwini timu, kochi aliyense angathe kutenga ligi. Mwanawe, pamenepo mpamene ndikufuna tigwirizane bwino, chifukwa ine timu imeneyi ndinayamba kuichemerera nthawi ya Drogba ndi Essien, tikuonera mpira mothithikana pa mabenchi a m'nyumba ya vidiyo, ndipo makochi amene ndawaona akulowa ndi kutuluka pa bwalo lathu la Stamford Bridge ndi ambiri.

Onani alamu. Abramovich, mpondamatiki wa ku Russia, anagula Chelsea mu 2003. Anapeza Ranieri, ndipo Ranieri anamaliza pa nambala 2 mu ligi, nkufika ndime ya matimu anayi mu Champions League. Kwa ife nthawi imeneyo chinali chinthu chachikulu. Chaka chitangotha anamuchotsa. Kunabwera Mourinho kuchokera ku Porto, natenga ligi mu 2005, ligi imene timu inali itakhala zaka 50 osaiona, natenganso mu 2006. Pofika September 2007 analinso atanyamuka. Avram Grant anatifikitsa ku fainolo ya ku Moscow mu 2008, tinagonja kwa Manchester United pa mapenate, Terry ataterereka muja. Akanapanda kuterereka chikho chinali chathu, koma Grant ntchito inatha basi.

Amene amandiwawa mpaka lero ndi awiri. Woyamba ndi Ancelotti. Munthu ameneyu mu 2010 anatenga ligi ndi FA Cup chaka chimodzi, timu inachinya zigoli 103 mu ligi yokha. Chaka chotsatira anamaliza pa nambala 2, ndipo anamuuza kuti ntchito yatha tsiku lomwelo la gemu yomaliza, atangogonja ku Everton. Bambo wofatsa, wolemekezeka, amene pambuyo pake wakatenga Champions League ku Real Madrid. Wachiwiri ndi Di Matteo. Chikho chimene Abramovich ankachilakalaka kuyambira tsiku limene anagula timu, Di Matteo ndi amene anabwera nacho, mu May 2012, pa bwalo la Bayern Munich lomwe, Drogba atabweza chigoli ndi mutu kenako nkumenya penate yomaliza. Usiku umenewo kwathu kuno sitinagone. November wa chaka chomwecho, titakwapulidwa 3-0 ndi Juventus, Di Matteo anamuchotsa. Miyezi isanu ndi umodzi yokha kuchokera pa chikho chija. Mourinho anabweranso, natenga ligi mu 2015, December nkuchotsedwa. Conte anatenga ligi mu 2017, FA Cup mu 2018, nayenso ulendo.

Ndiye mukamati kochi akangopambana ndiye kuti wakhazikika, ku Chelsea sizinakhalepo choncho. Mwini timu akathira ndalama zochuluka, mtima wake umafupika. Osewera 25 sangawachotse tsiku limodzi, iye mwini sangadzichotse, ndiye amene amatsala poyera ndi kochi.

Komabe ndinene chilungamo, nthawi ya Abramovich zikho zinkabwera. Bwana anali mmodzi, aliyense ankadziwa chimene akufuna, ndipo m'bwalo munali akuluakulu monga Terry, Lampard, Cech ndi Drogba amene ankagwira timu kochi akasintha. Tsopano zinthu zinatembenuka. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, boma la Britain linamuika Abramovich pa zilango mu March 2022, ndipo mu May timu inagulitsidwa kwa Todd Boehly ndi kampani ya Clearlake ya ku America. Anthu amenewa anabwera ndi mawu okoma akuti iwo ndi omanga pang'onopang'ono. Ine ndinawakhulupirira. Miyezi itatu yokha itadutsa, mu September, kochi Tuchel anamuchotsa titagonja 1-0 kwa Dinamo Zagreb. Tuchel yemweyo amene anatipatsa Champions League mu 2021 pa fainolo ya mumzinda wa Porto, amenenso ankaima pamaso pa atolankhani kuyankhira timu nthawi ya zilango ija, akuluakulu onse atakhala chete.

Kenako Graham Potter. Apa mumvetsere, chifukwa ndi pamene pali yankho la funso lanu. Potter anamutenga ku Brighton, analipira ndalama zambiri kuti Brighton imumasule, namupatsa kontirakiti ya zaka zisanu. Zaka zisanu, alamu. Pa 2 April 2023, titagonja 2-0 kwa Aston Villa pakhomo, anamuchotsa asanakwanitse ndi miyezi isanu ndi iwiri yomwe. Ndiye kutalika kwa kontirakiti kusakupusitseni. Kwa munthu wolemera chonchija, kulipira kochi zaka zotsala kuti achoke si chinthu chomudetsa nkhawa.

Sindikunena kuti Potter analibe zolakwa, koma taonani chimene anamusenzetsa. Mu January 2023 mokha anamugulira Enzo Fernández kuchokera ku Benfica pa mapaundi oposa 100 miliyoni, Mudryk kuchokera ku Shakhtar pa kontirakiti ya zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, ndi ena ambiri pamwamba pa amene anagulidwa kale. Osewera anapitirira 30. Thiago Silva ananena poyera kuti chipinda chovalira anachita kuchikulitsa kuti onse akwanemo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. M'bwalo mumalowa anthu 11 okha, ndiye Loweruka lililonse kochi ali ndi anthu pafupifupi 20 okhumudwa, aliyense wogulidwa modula, aliyense ali ndi omuimirira ake oimba foni kwa mabwana. Mapeto ake tinamaliza pa nambala 12, mapointi 44, zigoli 38 m'magemu 38. Haaland yekha ku Manchester City anachinya 36. Ndalama zonsezo, wogoletsa weniweni panalibe.

Mwana wa achemwali anena kuti nanga City bwanji, si ndalama zomwezo? Inde, Sheikh Mansour anagula City mu 2008, ndipo poyamba nayenso ankachotsa, Mark Hughes anapita mu 2009. Koma mu 2012 anatenga Soriano ndi Begiristain, anthu amene anagwirapo ntchito ndi Guardiola ku Barcelona, kotero pamene Guardiola amafika mu 2016 anapeza nyumba yokonzedwa kale, ndi anthu omudziwa. Chaka chake choyamba sanatenge chikho chilichonse, anamaliza pa nambala 3, koma palibe anamugwedeza. Mu June 2023 munaona nokha, zikho zitatu chaka chimodzi. Ngakhale kwanu ku Arsenal, alamu, Arteta anamaliza pa nambala 8 kawiri kotsatizana, masapota mukukuwa kuti achoke, a Kroenke, eni timu, osamva. Mu 2023 munamaliza achiwiri. Arteta yemweyo akanakhala ku Chelsea sakanaliona tsiku limeneli.

Tsono Pochettino. Ndimamulemekeza kwambiri. Ku Southampton ndi ku Tottenham anaonetsa kuti ana ang'onoang'ono amadziwa kuwaumba, Kane ndi Dele Alli anakulira m'manja mwake, ndipo anafikitsa Tottenham ku fainolo ya Champions League mu 2019 timu isanagule wosewera ndi mmodzi yemwe chaka chonsecho. Gulu la ana limene Chelsea yadzaza likufunika munthu wotere. Mabwana olemera amawadziwanso, ku PSG ya anthu a ku Qatar anatenga ligi ya France mu 2022 koma anamuchotsabe. Ndiye sakulowa m'madzi osawadziwa kuya kwake. Chinanso chomuthandiza, m'nyengo ya 2023/24 sitikusewera mpikisano uliwonse wa ku Ulaya, akhala ndi sabata yathunthu yophunzitsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: amupatsa zaka ziwiri zokha, chachitatu nchoti timu ikafuna. Ndipo ogula osewera si iye, pali Winstanley ndi Stewart, pamwamba pawo pali Boehly ndi Eghbali wa Clearlake. Pochettino ndi munthu wofuna kuti mawu ake amveke pa za osewera, ku Tottenham ankadandaula zomwezo poyera. Akagulitsa mwana amene iye akumudalira, kapena kumubweretsera amene sanamupemphe, mkangano uyambira pamenepo, ngakhale timu ikupambana. Kanté wapita kale ku Saudi Arabia, Havertz amene anachinya chigoli cha ku Porto mwamutenga inu. Akuluakulu ogwira timu akutha.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Khirisimasi aidya ali pa ntchito, chifukwa mabwanawa achita manyazi ndi za chaka chathachi ndipo sangafune kuchotsanso wina msanga. Koma zoti amaliza zaka ziwiri zonse ndikukayika kwambiri, pokhapokha atalowa m'matimu anayi apamwamba komanso atamulola kusankha yekha wogoletsa amene akumufuna. Ndikulakalaka nditalakwitsa, chifukwa ndatopa kuona timu ikuyambiranso chaka ndi chaka.

Gemu yathu yoyamba ndi ya Liverpool pa 13 August 2023, pa Stamford Bridge. Ndi Lamulungu, ndiye mukatuluka ku tchalitchi mubwere kuno ndi ana tidzaonere limodzi. Mupereke moni kwa achemwali.