Agogo Anatchona ku Joni: Kodi Intaneti Ingandithandize Kuwapeza?

FUNSO: Ndimakhala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, ndipo ana anga, omwe anabadwira konkuno, akhala akundifunsa za makolo athu. Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya kuno, ndipo sanabwererenso kumudzi. Nditalemba dzina lawo mu pulogalamu ina ya pa intaneti yosungira mbiri ya mabanja, inandibweretsera a Phiri mazanamazana. Kodi mapulogalamuwa angatithandizedi ife Amalawi?
Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, angakuthandizeni ndithu, koma pulogalamu imangofananitsa zimene mwaipatsa ndi zimene anthu ena analemba kale, ndipo Phiri ndi chiwongo cha anthu osawerengeka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Choncho ntchito yanu iyambire kumudzi, kwa atsibweni anu kapena kwa agogo aliyense wa m'mbumba mwanu amene akadali moyo. Aimbireni pa WhatsApp, muwapemphe chilolezo chojambula mawu awo, ndipo muwafunse mayina onse amene agogo anuwo ankadziwika nawo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ngakhalenso limene ankaitanidwa nalo kumgodi. Mufunsenso mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya deralo, chifukwa m'mapepala a nthawi ya atsamunda munthu ankadziwika kwambiri ndi zimenezi. Akuluakulu sakonda kutchula zaka, koma akakuuzani kuti munthuyo ananyamuka chaka cha njala yaikulu, inu mulembe kuti ndi cha m'ma 1949, ndipo muonetse kuti chakacho n'chongoyerekeza.

Mukasonkhanitsa zimenezi, ndiye mutsegule kompyuta. Ine ndimalangiza kuyamba ndi FamilySearch, yomwe ndi yaulere ndipo imayendetsedwa ndi mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints. Dziwani kuti kumeneko onse amalemba mu kaundula mmodzi, moti munthu wina akhoza kusintha zimene mwalemba zokhudza womwalira, ngakhale kuti za anthu amoyo zimaoneka kwa inu nokha. Ancestry ndi MyHeritage zimalola aliyense kukhala ndi mndandanda wakewake, koma zambiri za kumeneko n'zolipira. Amene safuna kuika za banja lake pa intaneti angagwiritse ntchito Gramps, pulogalamu yaulere imene imakhala m'kompyuta mwake momwemo.

Posaka, musamangirire pa kalembedwe kamodzi. Mlembi wa kumgodi amene sankadziwa Chichewa ankalemba dzina monga mmene walimvera, choncho yesani Phiri ndi Piri, ndiponso musinthanitse l ndi r m'dzina loyamba. Dziko lathu linkatchedwa Nyasaland kufikira 1964, ndipo maboma ena anali ndi mayina ena: Mangochi inali Fort Johnston, Mchinji inali Fort Manning, pomwe Nsanje inali Port Herald. Pulogalamu ikakusonyezani munthu amene ikuganiza kuti ndi wachibale wanu, musafulumire kuvomera pokhapokha mudzi, mfumu kapena dzina la mkazi wake zitagwirizana, chifukwa mukalumikiza Phiri wolakwika mmodzi, mudzatengera pamodzi makolo ake onse, ndipo kuwachotsanso ndi ntchito yotopetsa zedi.

Inu muli ndi mwayi umene abale athu akumudzi alibe. Wenela, yomwe dzina lake lonse linali Witwatersrand Native Labour Association, inadzakhala TEBA mu 1977 (ndiyo Theba imene akuluakulu amaitchula ija), ndipo mapepala ake akale amasungidwa ku laibulale ya University of Johannesburg, mumzinda womwe mukukhalamu. Alembereni kaye kalata musanapiteko, kuti akuuzeni dongosolo lake. Zaka zikuthandizaninso kuchepetsa posaka: Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa kumigodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo. Ngati m'sutikesi yakale kumudzi muli pasi, kalata kapena kapepala kalikonse kokhala ndi nambala ya kuntchito, auzeni akujambulireni mbali zonse ziwiri, pakuti nambala imalozera munthu mmodzi pomwe dzina limalozera khamu. Mbali ya kumudzi, mabuku a ubatizo ndi a ukwati a kumpingo kumene banja linkapemphera, kaya ndi ku Nkhoma kapena ku Mua, ndi ofunika kuwafunsa, chimodzimodzinso National Archives of Malawi ku Zomba.

Pali china chimene mapulogalamuwa sanakonzedwere. Iwo amatsatira bambo, mayi ndi ana, koma alibe malo a mwinimbumba kapena osonyeza kuti wina anali mkamwini m'mudzi wakuti, ndipo sazindikira kuti amene timawatchula kuti mayi aang'ono si amene anatibereka. Zotere muzilembe m'bokosi la ndemanga pa munthu aliyense, pamodzi ndi dzina la amene wakuuzani ndi tsiku limene wakuuzani. Mukagwiritsa ntchito Ancestry, MyHeritage kapena Gramps, muzikopera mndandanda wonse mu fayilo ya mtundu wa GEDCOM, imene mapulogalamu ambiri amatha kuiwerenga, ndipo kope lina mulisindikize papepala n'kulipatsira wopita kumudzi kuti atsibweni akakonze pamene mwalakwitsa.