Azakhali, phiri la agogo lija ndakwerapo

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndaumvera m'mawa uno chifukwa bandulo inandithera usiku. Mwafunsa ngati masabata atatu onsewa ndangobindikira m'nyumba mwa amalume kuno ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, komanso ngati phiri lija agogo ankakonda kulitchula lilipodi. Lilipo azakhali. Ndakwerapo ndi miyendo yangayi, Loweruka lapitali.

Dzina lake ndi Kopje. Si phiri loti mungaliyerekeze ndi Ndirande kapena Soche ayi, ndi kaphiri chabe kumapeto kwa tauni, mphindi zochepa mwafika kale pamwamba. Koma mukaima pamenepo Harare yense ali pansi panu, nyumba zosanja mbali iyi, njanji uko, Mbare cha uko. Msuweni wanga, mwana wachiwiri wa amalume, ndi amene anandiperekeza. Iyeyo akuti anthu amanena kuti paphiripo pankakhala mfumu Neharawa azungu asanabwere, ndipo dzina loti Harare linachokera pamenepo. Azungu atafika mu 1890 anautcha mzindawu Salisbury, dzina la Harare linabwerera pa mzinda wonse mu 1982. Ndiye mukukumbukira agogo sankati Salisbury, ankangoti “ku Halale, ku Halale”? Eya, malo omwe anthu akuda ankakhala, omwe pano ndi Mbare, ndiwo ankatchedwa Harari kalelo. Agogo ankatchula kumene ankagona. Nditazindikira zimenezo ndili pamwamba paja, ndinakhala kaye chete.

Titatsika tinalowa m'tauni wapansi. Misewu ya kuno ndi ya mayina odziwika: Samora Machel, Julius Nyerere, Kenneth Kaunda, Nelson Mandela. Pamene Samora Machel akumana ndi Julius Nyerere pali chiboliboli cha Mbuya Nehanda, mayi wolankhula ndi mizimu amene atsamunda anamunyonga mu 1898 chifukwa cha nkhondo yoyamba yokana ulamuliro wawo. Anachiimika mu 2021, pamwamba pa milatho ya oyenda pansi, magalimoto akudutsa mmunsi. Tinapumulako pa Africa Unity Square, pamene azungu aja anakweza mbendera yawo. Pano pangokhala ogulitsa maluwa ndi anthu okhala pa udzu, ndipo mwezi uno wa Okutobala jakaranda wachita maluwa, pansi ponse pepo yekhayekha ngati ku Zomba.

Koma nyumba imene yandigwira mtima ndi Eastgate, nyumba ya masitolo ndi maofesi. Dikirani kaye, kombi ikudutsa... eya, minibasi kuno amati kombi. Ndimati Eastgate. Kunja kwake siyokongola kwenikweni, ndi yotuwa, ya makonkire otulukatuluka, padenga pali machumuni ambirimbiri. Koma amene anaijambula, Mick Pearce, anatengera nzeru ku chulu. Chulu chenichenicho azakhali, chonga chija chili kumunda kwanu kudambo. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira kulowetsa m'kati, konkire n'kuusunga kuzizirako, ndiye masana kutentha kumakwera n'kutulukira m'machumuni muja. Anaitsegula mu 1996. Ine ndinalowa dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, koma m'katimo munali phee, kamphepo kayaziyazi. Ndinagwira khoma ndi dzanja kuti ndimve ndekha. Ndinaganiza za ana a sukulu kwathu, kuti akanamaphunzitsidwa zimenezi bwenzi akuchiona chiswe ndi maso ena.

Ku Heroes Acre tinapita tsiku lina, ndi kunja pang'ono kwa tauni, msewu wa ku Bulawayo. Ndi manda a anthu amene dziko lino limawalemekeza kuti ndi ngwazi za ufulu, ndipo anamanga mothandizidwa ndi a ku North Korea. Pali chiboliboli chachikulu cha asilikali atatu, mmodzi mwa iwo ndi mkazi, kenako masitepe ambiri okwera kukafika pa nsanja yaitali ya moto wa ufulu. Ndi malo aulemu, munthu umangotsitsa mawu wekha. Miyala yosanjikizana ya ku Epworth, ija inajambulidwa pa ndalama za kuno, ndikaiona sabata yamawa.

Tsono chimene ndikufuna mumve bwino ndi cha ku Mbare. Amalume anati usapite ndi foni m'manja, chikwama uike kutsogolo, ndipo ndinamvera. Msika wa Mbare Musika ndi waukulu zedi, tomato, anyezi, mbatata, zitsulo, zovala za kaunjika, mabasi opita m'zigawo zonse za dzikoli. Pafupi pomwepo pali bwalo la Rufaro, pamene anachitira mwambo wa ufulu mu Epulo 1980, Bob Marley anaimbanso pamenepo. Msuweni anandionetsa nyumba zakale za Matapi, zomwe anazimangira amuna obwera kudzagwira ntchito opanda mabanja awo. Zatha, mawindo ena atsekedwa ndi makatoni, zovala zayanikidwa paliponse, koma anthu akukhalamobe. Ndinayang'ana mawindo aja mmodzimmodzi, mumtima ndikuti mnyamata wochoka ku Ntcheu wapansi, kuwoloka Zambezi ku Tete, ankabwera kudzagona m'chipinda chonga chimenechi.

Tili pomwepo tikulankhula Chichewa, bambo wina wachikulire wosoka nsapato pansi pa mtengo anakweza mutu, ulusi uli pakamwa. Anauchotsa n'kunena kuti, “Ana inu, kwanu n'kuti?” Chichewa chake chakale, chosakanizika ndi Chishona apa ndi apo. Nditati ku Ntcheu, anaika nsapato pansi, kundigwira dzanja ndi manja awiri osalisiya. Akuti bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, anachona, anamwalira konkuno. Iwowo anabadwira kuno, ku Malawi sanapondeko, koma mudzi wa bambo awo ndi mfunda wawo akuzidziwa bwinobwino. Anandiuza kuti gule wamkulu amavinidwabe kuno, Ashona amamutcha zvigure. Anandifunsanso ngati ku Dedza kukuzizirabe monga bambo awo ankanenera. Ndinati kukuzizirabe bambo, Juni akafika simungasambe m'mawa. Anaseka mpaka misozi. Azakhali, ine misozi yanga sinali ya kuseka. Agogo athu anabwerera, ndi chifukwa chake ife tili ndi mudzi. Anzawo ambiri ali m'manda a konkuno.

Amalume akuti Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 anazivomereza, ndiye musadabwe kuti ndikuchimva m'misika.

Zithunzi ndatumiza zisanu ndi chimodzi, zikubwera pang'onopang'ono chifukwa netiweki ikuvuta. Cha pamwamba pa Kopje ndi cha nyumba za Matapi mukawaonetse agogo aakazi, muwakulitsire ndi zala kuti aone bwino. Muwafunse ngati akukumbukira dzina la malo amene agogo ankagwira ntchito, kapena ngati m'sutikesi ija muli kalata yokhala ndi adilesi ya kuno. Ndatsala ndi masiku khumi ndisanakwere basi yobwerera kwathu yodzera pa chipata cha Nyamapanda, ngati adilesiyo ipezeka ndipita ndikaime pakhomo pake. Moni kwa onse kumeneko.